Ndine namwino, ndikufuna maphunziro a kadyedwe ndi functional medicine: ndilowere kuti?

Namwino_wausiku walemba:

Moni nonse. Ndakhala ndikuwerenga zokambirana za pano kwa miyezi ingapo osalembapo kanthu, koma lero ndati ndifunse, poti mutu wazungulira ndipo masiku otumiza mafomu akutha.

Ndine namwino. Chino n'chaka changa cha 11 pantchito, ndipo zambiri mwa zaka zimenezi ndathera mu wodi ya akuluakulu, kawirikawiri usiku. Odwala anga ambiri ndi a shuga, a BP, a mtima ndi a impso. Ena ndimawatchula mayina ndisanatsegule faelo, chifukwa amangopita n'kubwerera, kupita n'kubwerera.

Mwezi watha tinagoneka mayi wina wa zaka za m'ma 50, wa shuga, kachitatu m'chaka chimodzi. Ulendo uno anabwera ndi chilonda kuphazi chomwe chinkakana kupola, HbA1c yawo, muyeso wa shuga wa m'magazi pa miyezi itatu yapitayo, itakwera kufika pa 11. Tsiku lotuluka, ndikuwamanga bandeji yomaliza, anandigwira mkono n'kundifunsa chapansipansi: "Anamwino, inuyo mundiuze zoona, ndizidya chiyani? Aliyense akundiuza zake." Ndinawapatsa kapepala komwe timapatsa aliyense, kojambulidwa mbale yogawidwa patatu. Anakapinda kanayi n'kukalowetsa m'chikwama, ndipo m'chikwamamo ndinaona timapepala tina tiwiri tofanana nako, topindidwa chimodzimodzi. Kumbuyo kwanga kunali odwala ena 14 ondidikira. Nditaweruka tulo sitinabwere.

Kuyambira pamenepo ndakhala ndikufufuza maphunziro a kadyedwe, ndipo m'kufufuzamo ndi momwe ndinakumanira ndi izi akuti functional medicine. Ndisaname, zinandigwira mtima. Akuti usamangothamangira kuzimitsa chizindikiro, funsa chomwe chayambitsa. Akuti khala pansi ndi wodwala ola lathunthu, umufunse za ubwana wake, tulo take, nkhawa zake, m'mimba mwake, zomwe amadya kuyambira m'mawa mpaka pogona. Ine wa mphindi zitatu pabedi lililonse ndinawerenga zimenezo misozi ikulengeza.

Tsono vuto ndi ili: maphunziro ake ndi ankhaninkhani, ndipo sukulu iliyonse ikudzitcha yovomerezeka. Ndaona makosi a health coach a pa intaneti otha chaka chimodzi kapena kucheperapo, monga a Institute for Integrative Nutrition ya ku New York. Ndaona masters ya Human Nutrition and Functional Medicine ya University of Western States ku Portland, Oregon, nayonso ya pa intaneti. Ndaona kosi yaifupi ya Institute for Functional Medicine (IFM) yomwe amaitcha AFMCP. Mnzanga wa mu wodi akuti ndisiye zonsezi ndikaphunzire kukhala dietitian, katswiri wa kadyedwe wa m'chipatala, basi, ngakhale njira yake ndi yaitali.

Ntchito sindingasiye, ndili ndi ana awiri a pasukulu, ndipo ndalama zomwe ndasunga n'zoponya kamodzi kokha. Ndikaphonya, ndaphonya. Chomwe ndikufuna n'chakuti mayi wonga uja akadzandifunsanso ndidzakhale ndi yankho lenileni, ndidzakhalenso ndi ufulu wolipereka popanda wina kunena kuti ndalumpha malire a ntchito yanga. Amene munadutsamo, ndithandizeni. Munasankha chiyani, ndipo mutati muyambirenso mungasankhenso chomwecho?

Mayi_wa_kadyedwe walemba:

Achemwali, mawu omwe ndagwira m'kalata yanu ndi akuti "ufulu wolipereka". Yambirani pamenepo, musayambire pa timabuku tokongola ta masukulu.

Ine ndine dietitian, m'chipatala ndakhalamo zaka 19. Pepala la sukulu ndi chilolezo chogwirira ntchito ndi zinthu ziwiri zosiyana, ngakhale masukulu ambiri sakonda kunena zimenezi pa tsamba loyamba. Sukulu imapereka pepala. Chilolezo chimachokera ku bungwe lomwe lamulo linalipatsa mphamvu yolembetsa ogwira ntchito zaumoyo m'dziko lomwe mukagwireko ntchito. Musanalipire kalikonse, lemberani bungwe limenelo, muwatumizire dzina la sukulu ndi mndandanda wonse wa maphunziro, muwafunse kuti munthu akamaliza zimenezi angamulembe ngati ndani. Yankho lawo likhale lolembedwa, la pafoni limakanidwa mawa.

Mayina a ntchitozi ndi omwe amasocheretsa anthu. Ku Britain dzina loti dietitian n'lotetezedwa ndi lamulo, yemwe sanalembetsedwe ku HCPC, bungwe lolembetsa ogwira ntchito zaumoyo kumeneko, sangadzitche choncho. Koma loti nutritionist aliyense angathe kudzuka nalo mawa m'mawa, n'chifukwa chake Association for Nutrition ili ndi kaundula wake wolowa mwakufuna, kuti anthu azisiyanitsa wophunzira ndi wodzichemerera. Ku America, poti masukulu omwe mwatchulawa ndi akumeneko, wofuna kukhala RDN, ndiye kuti dietitian wolembetsedwa, amadutsa pulogalamu yovomerezedwa ndi ACEND, bungwe lovomereza maphunziro a ma dietitian, amagwira maola osachepera 1,000 moyang'aniridwa, n'kulemba mayeso a CDR, bungwe lowalembetsa, ndipo kuyambira pa 1 Januwale 2024 wolemba mayesowo koyamba ayenera kukhala ndi masters kapena kuposera apo. Palinso CNS, Certified Nutrition Specialist, komwe ambiri omaliza masters ya functional medicine amalunjika. Nakonso amafuna masters kapena digiri ya udokotala, maola 1,000 oyang'aniridwa ndi mayeso. Kuwonjezera apo malamulo amasiyana state ndi state, moti pepala lomwelomwelo limatsegula khomo kwina n'kukana kwina.

Health coach ndi ntchito inanso. Iye amathandiza munthu kusintha chizolowezi, kumuyenderera kuti asafooke panjira. Sindikuinyoza, ndagwirapo ntchito ndi ma coach abwino kwambiri. Koma coach sapeza matenda, ndipo sakonza kadyedwe kothandizira matenda a impso kapena shuga wovuta. Mayi wanu wa chilonda uja, ndi pepala la coach simukamufikira. Ndipo inu ndinu namwino kale, luso lolimbikitsa wodwala mwakhala mukulichita zaka 11.

Maola 1,000 aja musawaone ngati chilango. Ndili wophunzira, sabata yanga yachitatu mu wodi, anandipatsa bambo wina woonda kwambiri yemwe anatha pafupifupi masabata awiri osadya kanthu kooneka. Ndinawerengera bwinobwino mphamvu zomwe thupi lawo linkafuna, masamu anga anali olondola, n'kulemba kuti ayambe kudyetsedwa ndi chubu mlingo wonse tsiku lomwelo. Mayi amene ankandiyang'anira anawerenga mwakachetechete, kenako anaika chala pa pepala la ku labu: "Phosphate ili pati apa?" Inali isanayezedwe. Anandikhazika pansi n'kundikumbutsa za refeeding syndrome. Thupi lomwe lakhalitsa ndi njala likalandira chakudya chambiri mwadzidzidzi, insulin imakwera n'kukokera phosphate, potassium ndi magnesium kuchoka m'magazi kulowa m'maselo, ndipo mtima ungathe kuima. Zimenezi ndinali nditaziwerenga, mayeso ake ndinakhoza, koma nditaima pabedi sindinazione. Tinayamba ndi mlingo wochepa, thiamine (vitamini B1) patsogolo, magazi n'kumayeza tsiku ndi tsiku. Bambo aja anatuluka akuyenda okha. Vidiyo ya pa kompyuta sikanaika chala papepala paja.

Ndiye sukulu iliyonse muifunse: odwala enieni ndidzawaona liti, angati, ndipo adzaime kumbuyo kwanga ndani? Akayamba kuzungulirazungulira, yankho mwalimva.

Ndinapsapo_kale walemba:

Mayi, ine ndilankhule ngati munthu amene anataya ndalama zake, kuti inu musataye zanu. Sukuluyo sinditchula.

Sindine wa chipatala, ndinkaphunzitsa anthu masewera olimbitsa thupi. Ndinalowa kosi ya miyezi 9 ya pa intaneti yomwe inkalonjeza kuti ndikamaliza ndidzakhala "practitioner". Pansi pa tsamba lawo panali zidindo zinayi za mabungwe owavomereza. Nditamaliza ndi pamene ndinafufuza, n'kupeza kuti awiri mwa mabungwewo ndi oti sukulu imangolipira umembala chaka ndi chaka, palibe amene amabwera kudzaona zomwe zikuphunzitsidwa. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Masabata oyamba anali abwino ndithu, kagayidwe ka chakudya, ntchito ya chiwindi, mavitamini. Chapakati zinthu zinatembenuka. Phunziro lililonse linkathera pa mndandanda wa masapulimenti, ndipo mwezi wa 6 anatitsegulira akaunti ku sitolo ya pa intaneti komwe tinkalandira kenakake pa botolo lililonse lomwe kasitomala wagula. Mayeso anali ongosankha A, B, C, D, ukalephera umabwereza mpaka ukhoze. Biochemistry tinaithamanga masabata awiri. Panalibe ngakhale tsiku limodzi lomwe anatiphunzitsa kutenga kafukufuku, kumuwerenga n'kuona ngati ndi wolimba kapena ayi.

Chomwe chimandiwawa mpaka lero ndi mtsikana wina amene anabwera kwa ine akudandaula kutopa, kutupa mimba ndi kutsegula m'mimba kwa miyezi. Ndinachita zomwe anandiphunzitsa. Ndinamutumiza kukayezetsa IgG ya zakudya, kuyeza magazi komwe amati kumaonetsa zakudya zomwe thupi likudana nazo, pepala linabwera ndi zakudya 23 zolembedwa mofiira, ndinamuletsa zonsezo kuphatikizapo tirigu, n'kumugulitsa mabotolo atatu. Anapezako bwino pang'ono, ine n'kumadziona katswiri. Patatha miyezi inayi anapita kwa dokotala chifukwa cha kuchepa magazi. Dokotala anaganizira coeliac disease, matenda omwe gluten wa mu tirigu amaononga matumbo, koma kuti kuyeza kwake kuonetse zoona munthu amayenera kukhala akudya gluten, ndipo ine ndinali nditamuchotsera kale. Anachita kubwereranso kudya tirigu masabata angapo, akuvutika nazo, kuti ayezedwe. Inapezekadi kuti ndi coeliac. Zakudya zina 22 zija analibe nazo vuto lililonse. Pambuyo pake ndinawerenga kuti mabungwe a madokotala a ziwengo a ku Ulaya, ku America ndi ku Canada onse ananena kalekale kuti IgG sionetsa kuti thupi likudana ndi chakudya, imangoonetsa kuti munthuyo wakhala akudya chakudyacho. Kusukulu kuja palibe anatiuzapo.

Ndinakapepesa kwa mtsikanayo, ndinamubwezera ndalama za mabotolo, akaunti ija ndinatseka. Panopa ndili ku yunivesite, chaka chachiwiri, ndinachita kuyambira pa chemistry. Inuyo sukulu ikangokuuzani kuti ili ndi sitolo yakeyake ya masapulimenti kapena labu yomwe imagwirizana nayo, muyambe mwaima kaye.

Dokotala_wa_mabanja walemba:

Ndikuona ngati functional medicine tikuigamula isanalankhule, ndiye mundilole ndiilankhulireko pang'ono, kenako nanenso ndiigamule.

Ndine dokotala, ndipo AFMCP yomwe mwatchulayo ndinaichita. Institute for Functional Medicine anaiyambitsa ndi Jeffrey Bland, katswiri wa biochemistry, pamodzi ndi mkazi wake Susan mu 1991, koma dzinali linamveka kwambiri pamene Cleveland Clinic inatsegula Center for Functional Medicine mu 2014 motsogozedwa ndi Mark Hyman. Zomwe ndinatolako ndipo ndimagwiritsabe ntchito ndi ziwiri. Choyamba ndi chomwe amati timeline, kujambula mzere wa moyo wa wodwala kuyambira kubadwa n'kumaikapo matenda, mankhwala, maliro, kusamuka, kutha kwa ntchito, chilichonse pa chaka chake. Chachiwiri ndi kugawa zoyambitsa patatu: zomwe munthu anabadwa nazo kapena kukulira nazo, chomwe chinautsa matendawo, ndi zomwe zikuwasunga kuti asachoke. Ndinali ndi bambo wina amene BP yake inkakana mankhwala atatu. Titajambula mzere uja zinaoneka poyera kuti vuto linakula chaka chomwe ananenepa n'kuyamba kuliza mkonono woti akazi awo anasamuka chipinda. Tinayeza, inali sleep apnoea, vuto lomwe munthu amasiyasiya kupuma ali m'tulo. Koma anamwino, taonani bwino: imeneyo ndi mbiri ya wodwala yofunsidwa mofatsa basi. Tonse anatiphunzitsa kusukulu, chomwe tinalandidwa ndi nthawi yochitira.

Mbali inayo sindigwirizana nayo. Mukalowa m'gulu limeneli mudzamva kwambiri za "adrenal fatigue", akuti kutopa kobwera chifukwa tiziwalo ta pamwamba pa impso (adrenal) tafooka ndi nkhawa. Endocrine Society, bungwe la akatswiri a mahomoni, imanena poyera kuti amenewa si matenda odziwika, ndipo mu 2016 akatswiri ataunika pamodzi kafukufuku 58 sanapeze umboni woti alipo. Choopsa chake n'chakuti munthu wotopa uja angakhale ndi chithokomiro chofooka, kuchepa magazi, matenda a maganizo, kapena Addison's, matenda enieni a tiziwalo timeneti omwe amapha, ife tili kalikiliki kumumwetsa za m'mabotolo. Bungwe la American Academy of Family Physicians mu 2014 linasiya kuwerengera makosi a functional medicine pa maphunziro opitiriza a madokotala ake, ndipo mu 2018 linangolola okhawo ofotokoza kuti chinthuchi n'chiyani, osati ophunzitsa kuchichita. Mudzauzidwanso za kafukufuku wa Cleveland Clinic wa 2019, yemwe anaonetsa odwala akunena kuti akupezako bwino patatha miyezi 6. N'zoona, koma anthuwo sanagawidwe mwa maere, anasankha okha kupita kumeneko, ndipo ankapatsidwa nthawi yaitali ndi gulu lonse la akatswiri. N'kovuta kudziwa ngati chathandiza ndi njirayo kapena kumvetseredwako. Mudziwenso kuti satifiketi ya IFM siwonjezera kanthu pa laisensi yanu. Namwino akaitenga amakhalabe namwino, malire ake omwe aja.

Chomwe ndikufuna mutenge n'chakuti zimene mukufunira odwala anu zili kale ndi umboni wolimba, popanda dzina lapadera. Mu kafukufuku wa Diabetes Prevention Program, zotsatira za 2002, anthu omwe anali pafupi kudwala shuga anathandizidwa kusintha kadyedwe, kulimbitsa thupi mphindi 150 pa sabata ndi kuyesetsa kutsitsa thupi ndi 7 peresenti. Kuyamba kwa shuga kunachepa ndi 58 peresenti, pomwe kwa omwa mankhwala a shuga a metformin kunachepa ndi 31. Mu kafukufuku wa DiRECT wa ku Britain, zotsatira za 2017, anthu 46 pa 100 alionse omwe analowa pulogalamu yotsitsa thupi anapezeka patatha chaka shuga wawo atabwerera pansi popanda mankhwala. Awa anali oti shuga anawapeza nawo pasanathe zaka 6 ndipo sankabaya insulin, choncho si aliyense wa mu wodi yanu. Koma mukudziwa omwe ankayendetsa pulogalamuyo m'makiliniki? Manesi ndi ma dietitian.

Maganizo anga ndi akuti maziko atsogole, digiri yomwe bungwe lanu lingaizindikire. AFMCP ija mudzaichite pambuyo ngati mtima ukufunabe, mutakhala kale ndi sefa m'mutu.

Wa_kufamase walemba:

Ine changa n'chimodzi, poti ndine amene ndimalandira odwala atanyamula jumbo ya mabotolo kudzanja lina, pepala la dokotala kudzanja lina. Mukatenga mndandanda wa maphunziro, fufuzani ngati muli phunziro lathunthu la momwe mankhwala ndi michere zimalimbanirana m'thupi, lophunzitsidwa ndi munthu wodziwa mankhwala. Likakhala la ola limodzi lokha, sukuluyo siyakonzekera odwala onga anuwo.

St John's wort, mankhwala achitsamba omwe anthu amamwa pofuna kuchepetsa nkhawa, amafooketsa mapiritsi olera, warfarin (woletsa magazi kuundana) ndi ma ARV ena. Biotin wochuluka, uja amamwera tsitsi ndi zikhadabo, amasokoneza zotsatira za ku labu za chithokomiro ndi za troponin (yomwe imaonetsa ngati mtima wavulala), moti FDA, bungwe loyang'anira zakudya ndi mankhwala ku America, inachenjeza za zimenezi mu 2017 poopa kuti matenda a mtima aziphonyedwa. Mchere wa potassium womwe ena amalimbikitsa m'malo mwa mchere wamba ungavulaze munthu wa impso zofooka kapena womwa mankhwala a BP a enalapril. Ndipo kuti chinthu ndi vitamini sizitanthauza kuti chochuluka n'chabwino. Ku Finland, pa kafukufuku wa amuna osuta fodya oposa 29,000 yemwe anatuluka mu 1994, omwe ankamwa beta-carotene anadwala khansa ya m'mapapo kwambiri ndi 18 peresenti kuposa anzawo. Chaka chomwecho America inakhazikitsa lamulo lomwe limalola masapulimenti kugulitsidwa popanda kuyamba aonetsa ku FDA kuti amagwira ntchito.

Za mayi wanu uja, ngati akhala zaka zambiri pa metformin, mufunse adokotala ayeze B12. Metformin amaitsitsa, ndipo dzanzi la kumapazi timangoti ndi shuga nthawi zina kuli kuchepa kwa B12.

Wa_masters_panjira walemba:

Ndikugwirizana ndi zambiri, koma ndisiyane pang'ono ndi Mayi_wa_kadyedwe. Si maphunziro onse a pa intaneti omwe ali opepuka. Ine ndili chaka chachiwiri cha masters ya kadyedwe yokhala ndi mbali ya functional medicine, ku yunivesite yovomerezeka, ndipo asananditenge anafuna ndionetse kuti ndinachita biochemistry, anatomy ndi physiology. Tinakhala teremu yathunthu pa kawerengedwe ka kafukufuku, ndipo mphunzitsi wathu mmodzi anatipatsa ntchito yotsutsa ndi umboni zomwe mphunzitsi mnzake anatiuza za "leaky gut", maganizo oti matumbo "akamadontha" amayambitsa matenda ambiri. Low FODMAP ya ku Monash University, kadyedwe kothandiza ovutika m'mimba, tinaiphunzira mozama, pamodzi ndi chenjezo lakuti gawo loletsa zakudya ndi la masabata ochepa, si la moyo wonse.

Ziwiri zokha zomwe ndikanakonda wina akanandiuza. Imandidyera maola 15 mpaka 20 pa sabata, ndiye ndi mashifiti a usiku ndi ana awiri muwerengere bwino. Chachiwiri, maola oyang'aniridwa aja sali m'kati mwa digiri yanga. Woyang'anira ndiyenera kumufuna ndekha n'kumulipira padera, ndipo ndinadziwa zimenezi nditalowa kale.

Namwino_wausiku walemba:

Zikomo kwambiri nonse, ndawerenga kawiri, zina ndakopera m'kope. A Ndinapsapo_kale, nkhani yanu yandikhudza, ndipo ndikukulemekezani poti munabwerera kwa mtsikanayo. Funso langa latsala limodzi. Sefa imene adokotala akunenayi, ndingadziwe bwanji ndisanalipire kuti sukulu imaiperekadi? Pa tsamba onse amalemba kuti amatsata umboni.

Mayi_wa_kadyedwe walemba:

A Wa_masters_panjira anena zoona, vuto si intaneti ayi, ndavomera. Achemwali, musawerenge tsamba, aimbireni. Pemphani silabasi yathunthu ya phunziro limodzi, osati mitu yokha, ndi pepala limodzi la mayeso akale. Mukaona mafunso mudziwa nokha ngati akufuna munthu woganiza kapena woloweza. Ngati sukuluyo ndi ya ku America, dzina la bungwe lomwe linaivomereza mukalifufuze pa mndandanda wa U.S. Department of Education kapena wa CHEA, bungwe lomwe limaunika mabungwe ovomereza masukulu. Likasowa pamenepo, chidindocho n'chokongoletsera chabe. Mufunsenso ngati yunivesite ina ingawerengere maphunziro awo mutafuna kusamuka. Omaliza maphunziro musalankhule ndi omwe sukulu yakusankhirani, apezeni nokha awiri kapena atatu, muwafunse kuti panopa akugwira ntchito yanji ndipo amawalipira ndani, chipatala kapena mabotolo.

Koma funso lomwe ine ndimalidalira ndi ili: "Ndiuzeni chinthu chimodzi chomwe munkaphunzitsa zaka zisanu zapitazo koma munasiya chifukwa umboni unasintha." Ine m'zaka zangazi ndasiya zingapo. Pomwe ndinkayamba, makolo ankauzidwa kuti ana omwe ali pachiopsezo cha ziwengo asamalawe mtedza msanga. Kafukufuku wa LEAP wa 2015 anaonetsa kuti kuwayambitsa msanga ndi komwe kumateteza, ndipo tinatembenuka. Sukulu yomwe ilibe chilichonse chomwe inasiya, musaipatse ndalama zanu.

Namwino_wausiku walemba:

Ndabweranso patatha masabata atatu kuti ndikuuzeni momwe zayendera.

Bungwe lathu lolembetsa linandiyankha pa imelo. Satifiketi ya health coach sailemba m'kaundula aliyense. Masters ya pa intaneti ija anati ingandithandize pa chidziwitso ndi pa maphunziro opitiriza a unamwino, koma payokha singandilembetse ngati dietitian, poti amafuna maola a mu wodi oyang'aniridwa ndi dietitian wolembetsedwa. Imeloyo ndaisindikiza, ili mu faelo.

Ndinaimbira masukulu atatu n'kufunsa funso la Mayi_wa_kadyedwe. Kwina anandipatsa mphunzitsi weniweni, anakhala chete pang'ono, kenako anatchula zinthu ziwiri zomwe anachotsa mu silabasi n'kufotokoza chifukwa chake. Kwina anati andiimbiranso, mpaka lero. Kwachitatu mnyamata wa pafoni anati zonse zomwe amaphunzitsa n'zotsimikizika, ndipo ndikalipira lisanafike Lachisanu andichotserako. Ndinathokoza n'kudula.

Ndasankha njira ya dietitian, ya ganyu, yomwe maola a mu wodi ali m'kati mwa pulogalamu. Itenga nthawi yaitali kuposa momwe ndinkafunira, ndipo anati biochemistry yanga ya ku unamwino ndi yosakwana, ndiye ndayamba kaye imeneyo mwezi uno. Ndapempha kuti andichotse mashifiti ena a usiku, a matron akuti aona. AFMCP sindinaitaye, ndaiika pambali monga ananenera adokotala, chifukwa mtima wofuna kudziwa chomwe chayambitsa uja sunandichoke.

Mayi aja anabwera kudzatsukitsa chilonda tsiku lomwe ndinali wa masana. Ndinapempha mnzanga andigwirire mabedi awiri, ndinatenga pepala n'kujambula mzere uja. Tinatha mphindi 20. Zinapezeka kuti shuga anayamba kuvuta chaka chomwe amuna awo anamwalira n'kuyamba ntchito yochoka m'mamawa kubwera usiku. Tsiku lonse amagwira ntchito chopanda kanthu m'mimba, n'kudzadya kamodzi kokha, kwambiri, pogona. Mapiritsi a m'mawa anasiya kumwa chifukwa ankawachititsa chizungulire ndi kunjenjemera kuntchito, ndipo sanauzepo aliyense poopa kukalipiridwa. Mbale yogawidwa patatu ija sinkanena chilichonse za moyo umenewu. Ndinauza adokotala, asintha mankhwala a m'mawa, ndipo B12 atayeza inalidi yotsika. A kufamase, zikomo.

Lachinayi likubwerali abweranso. Ndawapatsa kakope koti alembemo zomwe adya masiku atatu ndi nthawi yake, ndipo dietitian wa pachipatala pathu wavomera kuti ndidzakhale nawo m'chipindamo, ngakhale ndi tsiku langa lopuma.